Momwe cornerback wa mu NFL angabwererere pabwalo atavulala, kuyambira Epulo mpaka Julaye

Pa osewera 11 amene amatchinga mu mpira wa ku America, womwe ligi yake yaikulu ndi NFL, palibe amene miyendo yake imazunzika mofanana ndi ya cornerback. Iye amaima cha m'mphepete mwa bwalo moyang'anizana ndi wide receiver, wosewera amene amathamanga kukawakha mpira woponyedwa ndi quarterback (mtsogoleri wa omenya nkhondo kutsogolo), ndipo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti mpirawo usafike m'manja mwa mdani wakeyo. Amene anazolowera mpira wamiyendo angamuyerekeze ndi wotchinga kumbuyo yemwe wapatsidwa winga waliwiro kuti amuyang'anire, koma kusiyana kwake n'kwakuti cornerback amayamba kuthamanga chafutambuyo, maso ali pa munthu amene akudziwa kale kumene akulowera pamene iyeyo sakudziwa. Wide receiver amakhota pamene wafuna, pomwe cornerback amakhota pamene wakakamizidwa. Ngati ndinu cornerback ndipo mukuchira bondo, mtsempha wa kuchidendene kapena mnofu wa ntchafu, mfundo imeneyi ndiyo iyenera kulamulira chilichonse chimene mungachite pa miyezi yokonzekera ligi, chifukwa liwiro lothamanga molunjika limabwerera msanga ndipo limanamiza, pamene mphamvu yoimitsira thupi mwadzidzidzi n'kutembenuka ndiyo imabwera pamapeto penipeni.

Dziwani zimene malamulo akulola pa sabata iliyonse

Mgwirizano wa 2020 wa pakati pa NFL ndi bungwe la osewera la NFLPA umapatsa timu iliyonse masabata 9 okonzekera, ndipo matimu ambiri amayamba chapakati pa Epulo, pamene amene ali ndi mphunzitsi wamkulu watsopano amaloledwa kuyamba masabata awiri mofulumirirapo. Masabata awiri oyambirira ndi a misonkhano, kunyamula zitsulo, kuthamanga ndi mafizo basi. Masabata atatu otsatira aphunzitsi amaloledwa kulowa nanu m'bwalo kukuphunzitsani kaponde ndi kaimidwe, koma otchinga saloledwa kulimbana ndi omenya nkhondo kutsogolo. Pa masabata anayi omaliza ndi pamene pali masiku 10 otchedwa OTA, pamene mbali ziwirizi zimakumana asanu ndi awiri mbali iliyonse kapenanso onse 11, zipewa zolimba zili kumutu koma popanda zotchinjiriza za pamapewa, popanda kugwetsana, ndiponso popanda kukankhana ndi wide receiver pamzere woyambira. M'masabata omwewa mumakhalanso minicamp, kampu ya zokonzekera ya masiku atatu, ndipo ndi yokhayo imene wosewera amakakamizidwa kufikako. Ligi siisekerera timu yophwanya malamulowa: mu 2016 Seattle Seahawks inalipitsidwa chindapusa n'kulandidwa mwayi umodzi wosankha wosewera pa draft (mwambo wa pachaka umene matimu amasankha osewera atsopano) ya chaka chotsatira chifukwa osewera ake anagundana mopitirira muyeso pa OTA.

Kwa munthu wovulala, ndondomeko imeneyi ili ngati makwerero opangidwa kale, ndipo chofunika n'kuzindikira kuti simukakamizidwa kukwera pa tsiku lomwelo limene anzanu akukwera. Timu ikalowa m'gawo lachitatu, inu mukhoza kukhala mukadali m'gawo loyamba, mukugwira ntchito ndi akatswiri a mafizo pambali pa bwalo. Masewero enieni a ligi amayamba mu Seputembala, ndipo timu iliyonse imasewera 17.

Musanaponde udzu

Yambani ndi kuwerenga miyezi, ndipo muwerenge kuchokera tsiku la opaleshoni osati tsiku lovulala. Pa mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL, madokotala salumikiza wodukawo koma amaika wina m'malo mwake, nthawi zambiri wodulidwa pa mtsempha wa pansi pa mbale ya bondo, wa kuseri kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa ntchafu, ndipo mtsempha watsopanowo umafuna miyezi yambiri kuti umere bwino m'mafupa n'kulimba. Kafukufuku wodziwika wa mu 2016, wochitidwa ndi akatswiri a ku Delaware ndi ku Oslo, anapeza kuti mwezi uliwonse umene wosewera anadikira asanabwerere m'masewero okhota kwambiri unkachepetsa ngozi yovulalanso ndi pafupifupi theka, kufikira pa mwezi wachisanu ndi chinayi. Choncho amene anachitidwa opaleshoni mu Okutobala amakhala ali pa mwezi wachisanu ndi chiwiri pamene OTA ikuyamba mu Meyi, ndipo malo ake pa nthawiyo si pakati pa anthu 22 othamangitsana.

Zimene zinachitikira osewera otchuka zimagwirizana ndi chiwerengero chimenechi. Darrelle Revis anaduka ACL mu Seputembala 2012 akusewerera New York Jets polimbana ndi Miami Dolphins, popanda munthu womugunda, ndipo anabwerera m'ligi mu Seputembala 2013 atavala yunifomu ya Tampa Bay Buccaneers, patadutsa pafupifupi chaka chathunthu. Anasewera masewero onse a chaka chimenecho, omwe nthawi imeneyo anali 16, ndipo chaka chotsatira anapambana Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa ligi, ndi New England Patriots. Tre'Davious White wa Buffalo Bills anavulala chimodzimodzi pa tsiku la tchuthi cha ku America chotchedwa Thanksgiving mu Novembala 2021, ndipo anadzaseweranso pa Thanksgiving ya 2022. Onsewa anali ndi madokotala, makina ndi ndalama zimene wosewera aliyense angazilakelake, komabe mtsempha sunapole msanga chifukwa cha zimenezo.

Miyezi payokha sikwanira, ndipo apa m'pamene muyenera kupempha manambala. Mphamvu ya mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu imayezedwa pa makina amene amakupatsani liwiro lofanana nthawi zonse pamene mukuwongola mwendo, ndipo mwendo wovulala uyenera kufika pa 90 peresenti kapena kuposa ya mwendo wabwino. Palinso mayeso odumpha ndi mwendo umodzi: kudumpha kamodzi, kudumpha katatu motsatizana, kudumpha katatu modutsadutsa mzere, ndi kudumphadumpha mamita 6 pa wotchi. Koma chenjerani ndi chinyengo chimene chili m'kuyerekeza kumeneku. Mwendo wabwinowo nawo wakhala miyezi yambiri usakugwira ntchito yake yonse, ndiye wafooka, ndipo kufanana ndi mwendo wofooka si kuchira. Matimu a mu NFL amasunga manambala a wosewera aliyense a nthawi imene anali bwinobwino, choncho pemphani kuti akuyerekezeni ndi amenewo. Kwa amene anaduka mtsempha wa kuchidendene wotchedwa Achilles, muyeso wosavuta ndi kuima pa mwendo umodzi n'kunyanyamphira mobwerezabwereza, wina akuyeza kutalika kumene chidendene chikufika komanso kuchuluka kwa maulendo amene mukukwanitsa musanatope, chifukwa mtsempha umene wapola uli wotalikirapo umasiya katumba wopanda mphamvu yokankhira pansi ngakhale munthu sakumva kupweteka kulikonse.

Kuchoka pa zimene mukudziwa kupita pa zimene simukudziwa

Mukaloledwa kuthamanga, yambani molunjika, ndipo ngati kuli kofunika yambirani pa makina othamangirapo amene amanyamula gawo la kulemera kwa thupi lanu, kapena m'madzi. Wonjezerani liwiro sabata ndi sabata, koma musataye masabata ambiri mukusangalala ndi liwiro lokhalo. Phunzirani kuima. Thamangani mayadi 10 (pafupifupi mamita 9) pa theka la liwiro lanu n'kuima pa masitepe anayi, kenako atatu, kenako awiri, chiuno chili pansi, chifuwa chili pamwamba pa mawondo, ndipo wina akujambula kanema kuchokera kutsogolo. Chimene mukuyang'ana mu kanemayo ndi bondo logwera mkati, thunthu lopendekera kumbali, kapena chizolowezi chopereka ntchito yonse yoima kwa mwendo wabwino. Wosewera mwiniwake sazimva zimenezi, ndipo amalumbira kuti waponda mofanana mpaka atazionera yekha.

Pambuyo pake bwerani ku kuthamanga chafutambuyo, komwe ndi chiyambi cha ntchito yanu. Mapazi azikhula udzu, masitepe akhale afupiafupi, kulemera kukhale kutsogolo kwa phazi. Kenako wonjezerani kutembenuza chiuno n'kuthamanga motsatira mzere wa m'mphepete, kumanja ndi kumanzere mofanana, popeza amene anavulala mwendo wakumanzere amapeza kuti kutembenukira mbali imodzi n'kosavuta ndipo amayamba kuzemba mbali inayo osadziwa.

Sitepe yoyenera kuiyang'anitsitsa kwambiri ndi ija yoswera kutsogolo. Tayerekezani kuti muli mayadi 7 kuchokera pa wide receiver ndipo mukubwerera chafutambuyo. Iye wathamanga mayadi 12, waima mwadzidzidzi n'kutembenukira kwa quarterback. Pa kanthawi kosakwana theka la sekondi, phazi lanu lakumbuyo liyenera kuluma pansi, kuimitsa thupi lonse limene limapita m'mbuyo, n'kuliponya kutsogolo. Aphunzitsi ena amaphunzitsa kutembenuza phazilo chopingasa kuti zisonga zonse za nsapato zigwire udzu, ena amafuna kuti mapazi azingopalasa ngati munthu ali pa njinga, zala zikuloza kutsogolo. Njira yoyamba imapotokola bondo kwambiri, pamene yachiwiri imatambasula katumba ndi mtsempha wa Achilles thupi lonse litatsamira pamenepo. Wochira bondo ndi wochira Achilles ali ndi zifukwa zosiyana zoopera sitepe yomweyi, ndipo ndi nzeru kukhala pansi ndi mphunzitsi wanu pamodzi ndi katswiri wa mafizo n'kugwirizana njira yoyambira nayo. Ine ndimaona kuti si nthawi yabwino yosinthiratu kapondedwe kamene mwakhala nako zaka 10, koma si nthawinso youmirira kapondedwe kamene mwendo sunakonzeke kukalandira.

Zonsezi muzichite poyamba mukudziwa kumene mukhotere, pa zizindikiro zoikidwa pansi. Zikakhazikika, chotsani kudziwako pang'onopang'ono. Mphunzitsi aime patsogolo panu atagwira mpira, ndipo inu muzikhotera kumene iye walozetsa mpirawo. Kenako mnzanu azithamanga patsogolo panu pa liwiro lochepa inu mukumutsatira ngati chithunzi cha pagalasi, poyamba ali ndi njira ziwiri zokha zosankhapo, kenako zitatu, kenako zonse. Ubongo ukakhala wotanganidwa ndi kuwerenga chiuno cha munthu wina, umasiya kulondera bondo, ndipo apo m'pamene zimaoneka ngati minofu yaphunziradi kuligwira payokha. ACL zambiri zimaduka pa nthawi yotereyi, munthu asanagundidwe n'komwe, ndipo sizisankha kuti ndi tsiku la masewero: Trevon Diggs, yemwe pa nthawiyo anali ku Dallas Cowboys, amene anawakha mipira 11 ya adani mu 2021, anaduka ACL pa zokonzekera wamba za mkati mwa sabata mu Seputembala 2023.

Mukafika pololedwa kulowa pakati pa anzanu pa OTA, gwirizanani chiwerengero cha maulendo musanatuluke m'chipinda chovalira, ndipo wina asunge chiwerengerocho, osati inu. Yambani ndi masewero amene mukulondera dera osati munthu, muli patali ndi mzere, chifukwa pamenepo mumaona zinthu zikubwera. Kulondera munthu mmodzi bwalo lonse kubwere pambuyo. Mpira ukaponyedwa pakati pa inu ndi wide receiver moti kuti muufikire muyenera kudumpha n'kutera mopingana naye miyendo, ulekeni upite. Mu Meyi mpira umenewo suwerengedwa paliponse.

Bondo limayankha m'mawa wotsatira

Musaweruze tsiku la ntchito potengera mmene munamvera muli m'bwalo, thupi litatentha ndipo anzanu akukuchemererani. Yankho lenileni limabwera m'mawa. Musanachite china chilichonse, khalani pabedi mwendo utatambasuka ndipo minofu itamasuka. Ndi dzanja, sisitani mbali yamkati ya bondo kuchokera pansi kupita m'mwamba kawiri kapena katatu, ngati mukukankhira madzi kuntchafu, kenako sisitani mbali yakunja kuchokera m'mwamba kutsikira pansi, maso ali pa kadzenje kamene kali mkati mwa mbale ya bondo. Kadzenjeko kakangokhala momwemo, bondo lalandira ntchito ya dzulo. Kakadzaza n'kutukuka ngati kafunde, m'bondomo muli madzi, ndipo tsiku limenelo si lowonjezera ntchito. Yesaninso kuwongola mwendo mpaka kumapeto ndi kuupinda mpaka chidendene chiyandikire thako, n'kuyerekeza ndi dzulo. Wochira Achilles ayang'anire masitepe oyambirira akadzuka: kuuma kumene kumatha pa mphindi zochepa n'kozolowereka, koma kumene kukuwonjezeka tsiku ndi tsiku kukunena kuti katundu wachuluka. Zimenezi muziuze akatswiri a mafizo monga momwe zilili. Kubisa kutupa kwa lero kuti musaphonye tsiku limodzi la OTA kumatha kukuphonyetsani masabata atatu.

Madzi m'bondo si nkhani ya ululu yokha, chifukwa bondo lotupa limalepheretsa mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu kukoka ndi mphamvu zake zonse, ndipo mnofu umenewo ndiwo mabuleki anu. Kuswera kutsogolo ndi bondo lotupa n'chimodzimodzi kutsika phiri pa njinga imene mabuleki ake akugwira mwa apo ndi apo.

Kumbukiraninso kuti chimene chimagwetsa obwerera ambiri si bala lakale koma latsopano. Munthu amene wakhala miyezi 8 osathamanga pa liwiro lake lonse ali ndi minofu ya kuseri kwa ntchafu, ya m'mphechepeche ndi ya katumba imene yaiwala ntchito, ndipo cornerback amafunika kuthamanga mayadi 40 kapena 50 mwadzidzidzi pamene wide receiver waganiza zopita kutali. Tizipangizo ta GPS timene osewera amavala pamsana pa zokonzekera timasonyeza mtunda, liwiro lapamwamba ndi kuchuluka kwa maulendo oima mwamphamvu, ndipo muyenera kufika pafupi ndi liwiro lanu lakale kangapo muli nokha, mwadala, musanakakamizidwe kutero ndi munthu wina. Ligi inaphunzirapo za kuopsa kolumpha makwerero mu 2011, pamene mkangano wa eni matimu ndi osewera unatseka zipata kuyambira Malichi mpaka Julaye, zokonzekera zonse za pakatipo n'kufa, ndipo osewera oposa 10 anaduka Achilles m'mwezi woyamba atabwerera.

Mantha, mpikisano ndi ndalama

Pali chinthu china chimene makina sachiyeza mosavuta. Wosewera akhoza kupambana mayeso onse koma n'kumachedwa ndi sitepe imodzi pa kukhota kulikonse chifukwa mtima sunakhulupirire mwendo, ndipo pa malo a cornerback sitepe imodzi ndi mfundo 6 kwa adani. Mantha amenewa si ulesi ndipo sachoka ndi kukalipiridwa. Amachoka pobwereza sitepe yoopsayo pa liwiro lochepa maulendo mazanamazana mpaka thupi litaleka kuiganizira, ndiponso pokambirana ndi katswiri wa zamaganizo, amene matimu onse ali naye masiku ano. Pamene simukuloledwa kusewera, musakhale pa njinga yolimbitsira thupi kumapeto kwa bwalo mukuyang'ana kumwamba. Imani kumbuyo kwa otchinga, mverani chimene chaitanidwa, tchulani chamumtima chimene mukanachita, kenako mukaone kanema madzulo. Ngati timu yabweretsa mphunzitsi watsopano wa otchinga, masabata amenewa ndi amene mawu atsopano onse amaphunzitsidwa, ndipo mwendo wovulala sukuletsani kuwadziwa kuposa wina aliyense. Richard Sherman anaduka Achilles mu Novembala 2017 ali ku Seattle, timuyo inamumasula mu Malichi 2018, iye n'kupita ku San Francisco 49ers, ndipo mu nyengo ya 2019 anafika nayo pa Super Bowl ali ndi zaka zoposa 30. Sanali wothamanga kuposa anyamata amene ankawalondera, koma ankadziwa kumene akupita iwo asanakhote.

Chokakamiza chachikulu chimabwera kumapeto kwa Epulo, pamene draft imachitika ndipo mnyamata wa zaka 22 amafika n'kuima pamalo anu, atolankhani n'kumalemba za mpira uliwonse umene waugwira. N'zopweteka kuonerera, ndipo n'zoona kuti ntchito imatha kutayika motero. Komabe wofulumira kumeza kutafuna kukadakoma amatsamwa, ndipo aphunzitsi sasankha osewera 53 a timu mu Juni koma kumapeto kwa Ogasiti, zotchinjiriza zitavalidwa. Ngati mukukayikira zimene dokotala wa timu wanena, mgwirizano wa osewera umakupatsani ufulu wokaonana ndi dokotala wina timu ikulipira, komanso wosankha amene adzakuchiteni opaleshoni. Gwiritsani ntchito ufuluwo poyera, timu ikudziwa.

Samalaninso ndi malo amene mukuchitira mafizo ndi zolimbitsa thupi. Kuvulala muli pa malo a timu kapena mukuchita zimene timu yakulamulani kumatetezedwa ndi mgwirizano wanu, koma kuvulala muli kwina panokha kukhoza kuwerengedwa ngati kosakhudzana ndi mpira, ndipo timu sikakamizidwa kukulipirani. Mu Meyi 2021 Ja'Wuan James wa Denver Broncos, yemwe sanali cornerback koma lamulo lake ndi lomwelo, anaduka Achilles akudzikonzekeretsa kunja kwa malo a timu, ndipo patangopita masiku ochepa timuyo inamumasula. Ngati mukufuna kugwira ntchito ndi katswiri wanu wapadera, chilolezo chake chikhale cholembedwa.

Wochira phewa ali ndi vuto losiyana pang'ono. Popeza OTA siilola kukankhana kapena kugwetsana, iye amatha kusewera pafupifupi chilichonse n'kumaoneka ngati wachira kotheratu, pamene mayeso enieni a phewalo adzabwera tsiku loyamba lobaya wide receiver pachifuwa ndi manja awiri kapena kukumbatira miyendo ya munthu wolemera makilogalamu 100. Christian Gonzalez wa New England Patriots, amene phewa lake linaguluka mu Okutobala 2023, anabwerera n'kusewera bwino kwambiri mu 2024, koma wosewera wotere ayenera kupitiriza kulimbitsa phewa pa zikwama zokankha ndi pa zitsulo ngakhale m'bwalo zonse zikuoneka zosalala.

Masabata a pakati pa Juni ndi Julaye

Minicamp ikatha chapakati pa Juni, osewera amabalalika kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kufikira training camp, kampu yaikulu yokonzekera ligi, chakumapeto kwa Julaye. Wovulala asanyamuke popanda ndondomeko yolembedwa tsiku ndi tsiku, yokhala ndi masiku othamanga pa liwiro lonse, masiku okhota, masiku a zitsulo ndi masiku opuma, ndipo ngati timu ikulola ndi bwino kungotsala pomwepo. Tsiku loyamba la training camp limakhala ndi mayeso a madokotala komanso mayeso othamanga, ndipo mayeso othamangawo si mwambo chabe: mu Julaye 2018 Jason Verrett wa Los Angeles Chargers, amene ankabwerera kuchokera ku mavuto a bondo, anaduka Achilles pa mayeso amenewo n'kuphonya nyengo yonse asanavale n'komwe zotchinjiriza.

Pa tsiku limenelo mudzafunika kupanga chisankho chimodzi mosamala pamodzi ndi madokotala ndi wokuimirirani. Ngati simunakonzeke, timu ikhoza kukuikani pa mndandanda wa PUP, wa osewera amene thupi silinawalole kuyamba, ndipo mukhoza kuchotsedwapo tsiku lililonse mukapambana mayeso. Mukakhalabe pamenepo mpaka timu itadulidwa kufika pa 53, mumaphonya masewero anayi oyambirira koma simutenga malo a munthu wina, ndipo ndi njira imene White anadutsa mu 2022. Koma mukangochita zokonzekera ndi timu ngakhale kamodzi kokha pa training camp, khomo la PUP latsekeka, ndipo bondo likatupa sabata yotsatira timu idzayenera kusankha pakati pa kukusungirani malo pa anthu 53 aja, kukuikani pa mndandanda wa ovulala, kapena kukumasulani.